Kodi imeneyi ndi rock, jazz kapena okhestra? Yankho kwa amene wafunsa za King Crimson

Achimwene, imelo yanu ndaiona. Mwanena kuti munkafufuza komwe Kanye West anatenga mawu ena a mu nyimbo yake ya "Power" ya 2010, ndiye munakagwera pa "21st Century Schizoid Man" ya gulu loimba la King Crimson. Mukuti inayamba ngati rock, pakati n'kusanduka jazz, ndipo nyimbo zina za m'chimbalecho zikumveka ngati okhestra. Mukufunsa kuti mtundu wake ndi uti, nanga munthu ayambire pati.

Dzina lake ndi progressive rock, koma dzinalo silikuthandizani kwambiri. Chokuthandizani n'kudziwa anthu amene anali m'gulumo. Gululi linayambira ku London, ndipo pa 5 July 1969 linaimba ku Hyde Park potsegulira gulu la Rolling Stones, lisanatulutse n'chimbale chomwe. Chimbale choyamba, In the Court of the Crimson King, chinatuluka mu October chaka chomwecho. Ian McDonald, woimba saxophone ndi chitoliro, anakhwimira mu bandi ya asilikali a Britain. Michael Giles ankaimba ng'oma mwa jazz. Robert Fripp, wa gitala, mtima wake unali pa nyimbo za Béla Bartók, wolemba nyimbo za classical wa ku Hungary. Palibe anakhala pansi kuti tiyeni tisakanize zitatuzi ngati ndiwo. Aliyense anabwera ndi zomwe manja ake anazolowera, ndipo anakana kuzisiya pakhomo.

Okhestra imene mukuimvayo kulibe. Ndi Mellotron, chida chooneka ngati piyano chomwe batani lililonse limaliza tepi yojambulidwa kale ya mavayolini kapena zitoliro. Tepiyo imatha pakangodutsa masekondi pafupifupi 8, n'chifukwa chake woimba amasinthasintha zala, ndipo mawu ake amanjenjemera ngati ali ndi chisoni. Ine kunjenjemera kumeneko ndimakukonda kuposa mavayolini enieni.

Poyambira, ambiri angakuuzeni chimbale choyambacho. Ine ndikuti pitani ku Larks' Tongues in Aspic cha 1973. Pa nthawiyi Fripp anali atamanga gulu latsopano: Bill Bruford, amene anasiya gulu la Yes litafika pachimake, John Wetton pa besi, David Cross pa vayolini, ndi Jamie Muir amene ankamenya chilichonse, malata ndi matcheni omwe. Mukangotsegula chimbalechi chokulandirani ndi kalimba, inde yomwe ija ya zala zamanthu, ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi zitatu vayolini asanalowe, gitala n'kudzagwa ngati chiphaliwali. Khutu lomwe linakula likumva ng'oma zitatu zikulukana pa bwalo, iliyonse ndi kagundidwe kake, silivutika apa. Musafunefune pogunda phazi. Gwirani chida chimodzi, muchitsate mpaka chitakumana ndi zinzake.

Kenako mverani "Starless", yomaliza pa chimbale cha Red cha 1974. Ndi ya mphindi 12. Imayamba ndi Mellotron mofatsa, kenako pakati besi imazungulira powerenga 13 m'malo mwa 4 yomwe tinazolowera mu reggae kapena nyimbo za kutchalitchi. Pamwamba pake Fripp amangobwereza noti imodzi, kuikweza pang'ono, kuibwerezanso, mpaka mtima kufika pakhosi. Ikaphulika, saxophone imathamanga mwa jazz weniweni, kenako nyimbo ya poyamba ija imabwerera itakula. Kubzala kanyimbo koyambirira n'kudzakakolola kumapeto ndiko anatengera kwa olemba nyimbo za classical. Apa mpomwe ndimaona kuti kusakanizaku si kudzionetsera.

Si zonse zinawayendera. Lizard cha 1970, momwe muli piyano ya Keith Tippett, chili ndi malo okoma, koma penapake zida zimachulukana ngati msika wa Loweruka. Chisungeni kaye. Pa Islands cha 1971 mumvetsere besi yaikulu ya Harry Miller, mwana wa ku Cape Town yemwe ankaimba jazz ku London limodzi ndi anzake ochokera ku South Africa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musamvere pa sipika ya foni. Kalimba ija ndi yotsika kwambiri, simuimva, ndipo besi ya Wetton imasowerathu. Pezani mahedifoni, dikirani usiku ana atagona, ndipo mukamaliza mundilemberenso kuti 13 uja munamuwerenga bwanji.