Za dzanja louma pambuyo pa opaleshoni

Achimwene, mwati dzanja lanu lauma pambuyo pa opaleshoni ya fupa lothyoka. Khasu lisiyeni kaye, koma zala musazigoneke. Fupa la pamfundo ya dzanja, ngakhale aliikire chitsulo, limafuna masabata pafupifupi 6 kuti ligwirane, ndipo mphamvu zimabwerera patapita miyezi. Kuuma mukudandaulako n'kofala.

Ine ndinathyoka nditagwa panjinga ku Nchalo. M'mawa uliwonse ndinkapinda ndi kutambasula zala, chala chachikulu n'kumakhudza zinzake chimodzichimodzi. Chilonda chitapola, a fizo, omwe amathandiza ziwalo kuyambiranso kugwira ntchito, anandiuza ndizipisa dzanja m'mbale ya mapira nditatsinzina, n'kumafufuza ndalama yachitsulo. Ana ankandiseka, komatu dzanja linali litaiwala kumva chimene lagwira, linkaphunzira mwatsopano. Kugudubuza mpira patebulo kunabwera pambuyo, adokotala atalola. Ndi kutentha kwa kuno kuchigwaku dzanja limatupa msanga, ndiye pogona muziliika pa pilo.

Koma mukamva dzanzi losatha kuchala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ululu wonga moto, chala chachikulu chikakana kudzuka, kapena pachilonda pakatuluka mafinya, musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, akaona kofunika akutumizani ku Queens.