Batire la chipewa cha fumbi lafooka, muikemo liti lopepuka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa kalipentala wina wa pa Kasungu boma. Alamu ake a ku Joni anawatumizira chipewa chotchinga nkhope, chija chokhala ndi kafani kokoka mpweya kudzera m'sefa kuti utuchi usalowe m'mapapo. Batire lake, lolembedwa NiMH 3.6V (NiMH ndi mtundu wa batire lochajitsa, 3.6V ndi mavoti ake), tsopano silikwanitsa ngakhale ola limodzi, ndipo akuti pofika madzulo khosi limakhala litauma gwa. Akufunsa batire lopepuka lolowa m'malo mwake.

Bambo, choyamba musachitaye chipewacho. Fumbi la matabwa bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Inu amene mumakhula mlombwa ndi sandipepa mukulidziwa fumbi lofiira lija lotuluka mukamina madzulo. Ngakhale la paini wa ku Chikangawa silabwino.

Tsopano batirelo. Mukalitsegula mupeza timabatire titatu tolumikizana, kalikonse ka mavoti 1.2. Njira yosavutitsa mutu ndi kugula tatsopano ta NiMH tofanana kukula, mmisiri wa mawailesi akulumikizireni, chaja nkukhala yomweyo. Koma kulemera sikusintha.

Lopepuka ndi la lithiamu lotchedwa 18650, lija mumalipeza m'mabatire a malaputopu akale ndi m'matochi ochajitsa. Limodzi lokha limapereka mavoti 3.6 kapena 3.7, ndipo silifika magalamu 50. Zikumveka ngati nkhani yatha, eti? Pali misampha. Chaja yanu ya NiMH musayerekeze kuchajira lithiamu. Iyi imafuna chaja yakeyake yoima pa mavoti 4.2. Lifunikanso kabolodi koteteza, ena amati BMS, kodula moto batire likadzadza, likatsika kwambiri kapena mawaya akagundana. Batire la lithiamu likayaka silizima msanga, ndipo inu mwalivala kumutu, m'shedi yodzaza utuchi, mu Okutobala.

Za pamsika chenjerani nazo. La 18650 lenileni limathera cha m'ma 3500 mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Mukaona lolembedwa 9900 mAh, lopepuka ngati chitsononkho, libwezereni pa benchi pomwepo. Ine ndinagulapo awiri otero a tochi, sanafike ngakhale Lachisanu.

Koma zimene ndingachite ine ndi zina. Ngati batire la chipewa chanucho lili kunkhongo, limathandizanso kuti galasi lakutsogolo lisamakokere mutu pansi. Mukangochotsa kulemera kumbuyo, chipewa chimatha kumagwera pamphumi, khosi nkumawawa kuposa kale. Choncho yesani kaye: chotsani batire, valani chipewa chopanda kanthu, muwerame ngati mukupala thabwa kwa mphindi khumi. Chikakhazikika bwino, batire lisamutsireni pa lamba m'kachikwama, waya adutse mkati mwa malaya kumsana kuti asakodwe m'makina. Zipewa ngati za 3M Versaflo zimatero kale: fani ndi batire zimakhala m'chiuno. Pa lamba mutha kuika awiri a 18650 olumikizidwa mutu ndi mutu, tako ndi tako, mavoti osasintha koma nthawi nkuwirikiza, zomwe zimathandiza tsiku limene magetsi athima. Awiriwo akhale atsopano, a mtundu umodzi, odzadza mofanana.

Mwafunsanso za power bank ya foni. Imatulutsa mavoti 5, ochuluka kwa kafani ka 3.6, katha kupsa. Isiyeni.

Ndinenenso kuti opanga anayeza chipewacho ndi batire lawo, ndiye mukasintha, udindo ndi wanu. Chimene chimakutetezani ndi mpweya wowomba mokwanira kuti fumbi lisalowere m'mbali. Ngati m'katoni munabwera kachida koyezera mphamvu ya mpweya, yezani m'mawa, muyezenso masana batire litatsikako. Ukachepa, yang'ananinso sefa, mwina yatsekeka. Ndipo alamu anuwo akamabwera pa Khirisimasi, auzeni anyamule masefa atsopano ndi batire lenileni la chipewacho.