Musanatume alamu anu kukugulirani GPS ya panjinga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Salima. Akuti Loweruka lililonse amapalasa njinga kupita ku Senga Bay n'kubwerako, koma tsopano mtima ukulakalaka maulendo aatali: kufika kuno ku Nkhotakota, komanso kukayenda wapansi m'mapiri a ku Thuma. Alamu awo ali ku Johannesburg ndipo alonjeza kuwagulira GPS, kachipangizo koonetsa pamene munthu ali ndi njira yoti adzere. Akufunsa kuti awauze agule iti, nanga idzagwira bwanji kumidzi kopanda netiweki?

Achimwene, zikomo polemba. Za netiwekizo mtima ukhale m'malo. GPS sidya bandulo. Imamvera masetilaiti amene akuzungulira kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ikagwira anayi yadziwa kale pamene mwaima. Foni imene muli nayoyo imachitanso chimodzimodzi. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu basi. Ikani pa foni pulogalamu ya mapu ya Organic Maps kapena OsmAnd, tsitsani mapu a Malawi mukadali kunyumba, ndipo adzatseguka ngakhale pakati pa dambo.

Ndiye ngati ulendo wanu ndi wa mumsewu wa M5 wokha, makilomita pafupifupi 110 kudutsa pa Khombedza, Benga ndi pa mlatho wa Chia, ndalama za alamuwo zigule matayala abwino ndi chisoti. Pa phula simungasochere.

Nkhani imasintha mukasiya phula. Ine ndinaona zakuda mwezi wa October chaka china. Ndinamangirira foni pa handulo, n'kukhotera m'tinjira ta m'minda ya mpunga cha kufupi ndi mtsinje wa Bua. Dzuwa la kunyanja mukulidziwa. Foni inatentha ngati mbaula, sikirini inayamba kuda, ndipo nthawi isanakwane 12 koloko inali itazima. Tinjira ta m'dambo timafanana tonse. Anandipulumutsa ndi mayi wina amene ankachokera kotola nkhuni, anandiperekeza mpaka pamene ndinayamba kumva kulira kwa magalimoto. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamaona GPS chinthu choyamba chimene ndimafunsa ndi batire.

Apa ndiye pagona yankho langa. Pali za panjinga zenizeni, monga Garmin Edge ndi Wahoo Elemnt. N'zopepuka, zimaonetsa liwiro, zimalumikizana ndi lamba woyeza kugunda kwa mtima, ndipo othamanga mipikisano amazikonda. Koma zimatchajidwa ndi chingwe, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti magetsi amatha kuzima usiku womwe ukukonzekera ulendo. Palinso za m'manja monga Garmin eTrex 22x, imene imayenda ndi mabatire awiri a AA, omwe aja timaika mu rimoti kapena katochi. Opanga ake amati imatha maola 25. Mabatire akatha, mumalowa mu okala pa tredingi senta n'kugula ena. Poti inu mukufuna njinga ndi kuyenda wapansi komwe, ine ndingasankhe imeneyi. Alamu asaiwale kachomangira ka pa handulo, chifukwa kamagulitsidwa padera.

Sankhaninso ya mabatani. Chala cha thukuta ndi fumbi sichimvana ndi sikirini yogusa, nanji mvula ikayamba. Pa katoni payenera kulembedwa IPX7, kutanthauza kuti ingapirire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati imagwiranso masetilaiti a GLONASS a ku Russia kuwonjezera pa a GPS a ku America, ndi bwino, chifukwa pansi pa mitengo ya miombo zizindikiro zimafooka.

Chimene chimapweteka ambiri ndi mapu. Zipangizozi zimabwera ndi mapu a dera limene zikugulitsidwa, moti yogulidwa ku Ulaya mutha kuiyatsa pa Kamuzu Road ku Salima n'kupeza sikirini ili mbee. Alamu aitsegule m'shopu momwemo, afufuze Salima, aone ngati misewu ikuoneka. Ikhalenso ndi polowetsa kakhadi ka microSD kuti muikemo mapu aulere a OpenStreetMap. Ngakhale zili choncho, tinjira tambiri ta kumidzi kwathu mulibe m'mapu alionse. Chimene ine ndimadalira kwambiri ndi mzere umene GPS imajambula pamene ndadutsa. Pa Garmin pali TracBack, imene imakubweza njira yomwe unadzera. Ndimaikanso chizindikiro pa mjigo uliwonse wotuluka madzi, ndipo m'nyengo yotentha zizindikiro zimenezi zimandithandiza kuposa china chilichonse.

Tizipangizo tina totchipa timene timangowerenga makilomita ndi liwiro popanda mapu, tisiyeni.

Za ku Thuma ndikuchondererani: kuli njovu, ndipo GPS sionetsa njovu. N'chimodzimodzi kuno ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene a bungwe la African Parks anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Musalowe nokha, pitani ndi oyang'anira nkhalango.

Loweruka likubwerali, musanaimbire alamu, yesani ndi foni yomweyo. Tsitsani mapu, zimitsani data, muike foni m'thumba osati pa dzuwa, ndipo pobwera ku Senga Bay mukhotere ku Lifuwu. Mukandilembere kuti batire inatsala bwanji pofika kunyumba.