Waleti iti yosungiramo kiripto? Ndikuyankha achimwene amene anandilembera imelo

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa inu owerenga, dzina sinditchula poti nkhani ya ndalama si yomangoulutsa. Mwachidule akuti akhala akugula kiripto, Bitcoin ndi USDT (ija mtengo wake umatsata dola ya ku America), pang'onopang'ono kwa chaka ndi miyezi, zonse zili pa exchange, msika wa pa intaneti wogulitsirapo kiripto, pomwe amagulirapo, nde anzawo awauza kuti azichotsepo aziike mu waleti yawoyawo. Atalowa pa intaneti kuti afufuze mutu waima, mayina mbwee, Ledger, Trezor, MetaMask, Trust Wallet, aliyense akutama yake. Funso lawo ndi loti yotetezeka kwambiri ndi iti. Kumapeto kwa imeloyo awonjezera kuti pali munthu wina pa Telegram amene wadzipereka kuwatsogolera mpaka waletiyo itakonzeka.

Achimwene, munthu wa pa Telegram uja musamuyankhe kaye mpaka mumalize kuwerenga izi. Ndikupemphani ndithu.

Dzina loti waletili limasokoneza anthu ambiri. Tikamva waleti timaganiza kachikwama ka m'thumba komwe ndalama zimakhala mkati, koma kiripto sikhala mu foni kapena mu kachipangizo kalikonse ayi. Imakhala pa blockchain, kaundula wamkulu amene makompyuta masauzande padziko lonse amasunga kope lake, ndipo mmenemo mwangolembedwa kuti adiresi yakuti ili ndi zakutizakuti. Chimene waleti imasunga ndi kiyi wachinsinsi wotsegulira adiresiyo. Amene ali ndi kiyi ndiye mwini ndalama, basi, kaundulayo safunsa dzina, safunsa chiphaso, ndipo ndalama zikangotumizidwa palibe ofesi yomwe mungapiteko kuti akazibweze.

Tsono kiyi ameneyu mumamuona ngati mawu 12 kapena 24 achingerezi amene waleti imakupatsani tsiku loyamba, aja amati seed phrase. Mawaleti ambiri amatsatira dongosolo lotchedwa BIP39 lomwe linabwera mu 2013, pali mndandanda wa mawu 2048, loyamba ndi abandon lomaliza ndi zoo, ndipo waleti imasankhamo mwachisawawa. Ubwino wake ndi woti foni ikagwera m'madzi olo kampani yopanga waletiyo itatseka mawa, mumangotenga mawu aja kukalowetsa mu waleti ina yotsatira dongosolo lomweli, ndalama zanu nkuonekanso. Kuipa kwake ndi komweko: wina aliyense akawaona mawuwo angachitenso chimodzimodzi ali kutali, osakhudza nkomwe foni yanu. Nde mukamafunsa kuti waleti yotetezeka ndi iti, funso lenileni ndi loti mawu amenewa abadwira pati, akukhala pati, ndipo ndani angawaone. Dzina la kampani limabwera pambuyo.

Anzanu aja sanakunamizeni pa nkhani ya exchange. Panopa kiyi ali ndi eni exchange, inu muli ndi akaunti ndi lonjezo loti mukafuna adzakupatsani. Mu February 2014 Mt. Gox ya ku Tokyo, yomwe nthawi ina inali exchange yaikulu kuposa zonse, inatseka nkulengeza kuti Bitcoin pafupifupi 850,000 zasowa, ndipo anthu anadikira zaka khumi kuti ayambe kubwezeredwa gawo lina. Mkulu wa exchange ya ku Canada ya QuadrigaCX, Gerald Cotten, anamwalira mu December 2018, makasitomala nkusowa mtengo wogwira, ofufuza atalowamo anapeza kuti ndalama zambiri zinali zitasakazidwa kale. FTX inagwa mu November 2022 mmasiku ochepa chabe, anthu akuona manambala awo pa sikirini koma batani lotapira silikugwira ntchito, ndipo yemwe anaiyambitsa, Sam Bankman-Fried, anagamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Sikuti exchange iliyonse ndi ya akuba, ine ndimagwiritsabe ntchito pogula ndi pogulitsa, koma sindisiyapo zambiri, ndipo akauntiyo ndinaitchinga ndi app ya authenticator, ija imatulutsa makodi olowera pa foni pomwepo, osati makodi a SMS, poti nambala ya foni akathyali amatha kuilanda ponyengerera kampani ya foni kuti iwapatse simu khadi yatsopano.

Koma ndikuuzeninso mbali inayo chifukwa amene amakuwa kuti chotsani chotsani nthawi zambiri saitchula. Mukatenga kiyi, zolakwa zonse ndi zanu. James Howells wa ku Newport ku Wales anataya hard drive mu 2013 momwe munali kiyi wa Bitcoin pafupifupi 8,000, wakhala zaka akupempha kuti akakumbe kudzala la mzindawo koma khoti linamukanira mu January 2025. Stefan Thomas ali ndi Bitcoin 7,002 zotsekeredwa mu kachipangizo ka IronKey kamene kamalola kuyesa pasiwedi ka 10 kokha, iye anataya pepala lomwe analembapo pasiwediyo ndipo atayesa ka 8 anaima kaye. Awa sanaberedwe ndi munthu.

Mawaleti enieniwo ali mitundu iwiri ikuluikulu. Pali a pa foni kapena pa kompyuta, amati hot wallet chifukwa kiyi amakhala pa chipangizo cholumikizidwa ku intaneti. Electrum ilipo kuyambira 2011 ndipo ndi ya Bitcoin yokha, BlueWallet ndi Sparrow nazonso ndi za Bitcoin, MetaMask inapangidwira Ethereum, Trust Wallet imalandira mitundu yambiri. Ndi zaulere, ndi zosavuta, koma foni yomwe mumatsegulira malinki a pa WhatsApp ndi kudawunilodira magemu ndi yomweyo ikusunga kiyi wanu, kavairasi kamodzi kakwanira. Kenako pali hardware wallet, kachipangizo kokhala ngati fulashi kokhala ndi kasikirini ndi mabatani. Kiyi amabadwira mkati mwake ndipo satulukamo. Mukafuna kutumiza ndalama kompyuta imakonza zonse nkutumiza ku kachipangizoko, iko kamakuonetsani adiresi ndi kuchuluka kwa ndalama pa kasikirini kake, inu mudina batani ndi chala, nkusainira mkati momwemo. Olo kompyuta itadzadza mavairasi, kiyi saiona.

Maganizo anga ndi awa achimwene: ngati ndalamazo ndi zoti zitasowa mudandaula tsiku limodzi nkupitiriza moyo, waleti ya pa foni yodziwika bwino ikwanira. Ngati ndi zoti zitasowa simugona tulo miyezi, gulani hardware. Inuyo mwasonkha kwa chaka ndi miyezi, ndikuona kuti mwafika pamenepo.

Ledger kapena Trezor? Anthu amakangana kwabasi pa izi koma zonse ziwiri ndi zabwino kutalitali kuposa pomwe muli pano. Trezor ndi ya ku Prague, ndiyo inayamba kutulutsa hardware wallet mu 2014, ndipo code yake, malangizo olembedwa oyendetsera chipangizocho, ili poyera kuti aliyense wodziwa aiwerenge, pomwe Ledger ya ku France imadalira kachipu kapadera kovuta kukathyola ngakhale wakuba atagwira chipangizocho m'manja, koma mbali ina ya code yake ndi yobisika. Mu 2023 Ledger italengeza za Ledger Recover, njira yolipira yosungitsa zidutswa za seed kwa makampani ena, ambiri anakwiya poti anazindikira kuti pulogalamu ya mkatimo ingathe kutulutsa seed mwiniwake akavomereza. Chaka chomwecho Trezor inatulutsa Safe 3 yomwe nayo ili ndi kachipu kotetezako. Ine ndimakonda za code yoonekera, koma sindingamunyoze wogula Ledger. Chachikulu kwa inu, poti muli ndi USDT, muone kaye kuti USDT yanu ili pa netiweki iti ndipo chipangizo mukufunacho chimailandira. Adiresi ya pa Tron imayamba ndi T, ya pa Ethereum imayamba ndi 0x, mukasokoneza apa ndalama zitha kulowa m'madzi. Musaiwalenso kuti potumiza USDT kuchoka mu waleti yanu mufunika ka TRX ngati ili pa Tron kapena ka ETH ngati ili pa Ethereum kolipirira netiweki, ambiri amadabwa pamenepa.

Kogula ndiye musachite masewera. Gulani kwa opanga enieni kapena kwa ogulitsa amene alembedwa pa webusaiti yawo, osati kwa munthu amene akuti wangogwiritsa ntchito pang'ono. Mukatsegula bokosi nkupezamo kakhadi kolembedwa kale mawu 24, chimenecho ndi msampha, mawu enieni amayenera kutuluka pa kasikirini inu mukuona. Mu 2020 akuba anaba mndandanda wa makasitomala a Ledger, ma imelo pafupifupi 1 miliyoni ndi mayina, maadiresi ndi manambala a foni a anthu oposa 270,000, zipangizozo sizinathyoledwe ayi koma zitatero anthu anayamba kulandira ma imelo abodza, ena mpaka kulandira zipangizo zabodza pa positi zokhala ndi kalata yooneka yeniyeni yoti lowetsani mawu anu umu. Ndi ma app chimodzimodzi, abodza amapezeka ngakhale mmasitolo a ma app odziwika, nde linki yodawunilodira muitenge pa webusaiti ya eni ake, adiresi yake mulembe nokha, osadina zotsatsa zomwe zimabwera pamwamba mukasaka.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Msuweni wanga wina ndalama zake zinachedwa kufika mu waleti, nde anafunsa mu gulu lina la pa intaneti. Mphindi zisanu zisanathe anthu atatu anali atamulembera kumbali, onse ndi logo ya waletiyo pa chithunzi chawo, aulemu kwambiri, mmodzi mpaka kumuchenjeza kuti asamale ndi akuba. Anamupatsa linki yoti akalumikizenso waleti yake, peji yokongola bwino, timabokosi 12 tondandalika. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Analemba mawu aja, pejiyo inangozungulirazungulira nkunena kuti yesaninso. Pomwe amandiimbira mawu akunjenjemera tinatsegula adiresi yake tonse awiri pa block explorer, webusaiti yoonera zolembedwa mu kaundula uja, ndipo tinaona mzere umodzi, zonse zatuluka mphindi zinayi zapitazo kupita ku adiresi yosadziwika. Anandifunsa kuti tiimbire ndani. Ndinakhala chete nthawi yaitali chifukwa panalibe woimbira. Waleti yake inali yabwinobwino, yodziwika, palibe amene anaithyola.

Ndichifukwa chake munthu wanu wa pa Telegram akundidetsa nkhawa. Mwina ndi wabwino, sindikumudziwa, koma pokonza waleti palibe pamene pamafunika munthu wachiwiri. Akangoti tumizani sikirinishoti, tiyeni tigawane sikirini, gwiritsani ntchito linki iyi, kapena ndakukonzerani kale mawu ake ndi awa, mudule pompo. Kampani yeniyeni ya waleti sidzakufunsani mawu anu olo tsiku limodzi.

Mawuwo mulembe pa pepala ndi bolopeni, motsatana ndi manambala ake, muli nokha m'chipinda. Osajambula, osatumiza ku imelo yanu, osasunga mu ma notes a foni chifukwa zonsezo zimakwera zokha ku cloud. Pepala limapsa, limanyowa, inki imafufutika, nde lembani awiri muike malo osiyana, kapena mukhome mawuwo pa kachitsulo, tilipo topangidwira zimenezi. Pali kanthu kena kotchedwa passphrase, mawu owonjezera osankha nokha amene amatsegula waleti ina yobisika, ndi kabwino koma poyamba pano kasiyeni, mukaiwala chilembo chimodzi palibe angakuthandizeni.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe ambiri amadumpha koma kwa ine ndicho chenicheni. Musanasamutse zonse, tumizani kandalama kochepa, kakafika fufutani chipangizocho chibwerere ngati chatsopano, kenako mubwezeretse pogwiritsa ntchito pepala lanu lokha. Ine tsiku lomwe ndinachita zimenezi koyamba mtima unkagunda, ndikusankha chilembo chimodzichimodzi ndi timabatani tiwiri, ndipo pa liwu la nambala 17 ndinaima chifukwa sindimatha kusiyanitsa ngati ndinalemba n kapena u. Ndinayesa, zinatheka, kandalama kaja nkuoneka, koma pepalalo ndinalembanso lonse ndi zilembo zazikulu usiku womwewo. Bola kuzindikira zimenezi pali kandalama kochepa kusiyana ndi kudzazindikira patapita zaka zitatu chipangizo chitafa.

Mukayamba kugwiritsa ntchito, kasikirini ka chipangizoko muziwerengadi, osangodina. Pali mavairasi amene amasintha adiresi mukaikopa, palinso akuba amene amakutumizirani kandalama kochepetsetsa kuchokera ku adiresi yofanana ndi yomwe mumatumizako poyambira ndi pomalizira kuti tsiku lina mudzaikope molakwitsa, nde muziona ndi zilembo zapakati zomwe. Mu February 2025 exchange ya Bybit inaberedwa Ethereum ya pafupifupi madola 1.5 biliyoni kuchokera mu cold wallet, waleti yomwe kiyi wake sakhala pa intaneti, akuba anasokoneza pulogalamu yomwe osainira amaonera, iwo nkuvomereza chinthu chooneka chabwinobwino pa kompyuta pomwe chenicheni chinali china. FBI inati anachita zimenezi ndi a North Korea. Anthu odziwa ntchito amenewo anapusitsika, nde ife tisamafulumire. Ngati mudzafune kulumikiza waleti ku mawebusaiti osinthanirana ma token, tsegulani ina yapadera yokhala ndi zochepa, yosungira ija isakhudzeko.

Chomaliza achimwene, mu imelo munatchula kuti muli pabanja ndipo muli ndi ana. Alamu athuwo sakuyenera kuwadziwa mawuwo pamtima, koma adziwe kuti chinthuchi chilipo, pepala lili pati, ndi zoti asadzalionetse kwa aliyense wodzipereka kuthandiza. Lembani kakalata kachidule kofotokoza dzina la waleti ndi mitundu ya kiripto yomwe ilimo, mukaike pamodzi ndi mapepala ena ofunika a pakhomo. Mukamaliza kuyesa kubwezeretsa kuja mundilemberenso, tikambe za kusamutsa zotsalazo pang'onopang'ono.