Ndikasiya kuthamanga, ndilowa bwanji m'ofesi ya zamasewera?

Mtsikana wina wa kwathu amene akumaliza digiri ku America wandilembera imelo. Wakhala akuthamangira timu ya yunivesite yake, ndipo akufunsa njira yolowera m'ofesi yoyendetsa zamasewera, mwina mpaka kudzakhala athletic director, mkulu wa zamasewera pa yunivesite.

Achemwali, m'ofesi imeneyo mpira umaonedwa mwa apo ndi apo. Tsiku limathera pa ndalama, malamulo ndi kuziziritsa mitima ya makochi. Anzanu ambiri adzathamangira ntchito zooneka, monga kujambula makanema a timu ndi kuyendetsa Instagram. Inu gogodani ku compliance, ofesi yoonetsetsa kuti sukulu ikutsata malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite ku America.

Ndikutero chifukwa malamulowo agwedezeka kwambiri. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope yawo, zomwe amati NIL. Mu June 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro, ndipo tsopano masukulu a Division I, gulu lapamwamba la NCAA, akhoza kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba. Lamulo la Title IX la 1972, lofuna kuti akazi asamanidwe mwayi, nalo lidakalipo. Munthu womvetsa zonsezi pamodzi sasowa pogwira.

Ntchito yake ndi yotopetsa, ndisakunamizeni. Mnyamata wa basketball wasiya kalasi imodzi Lachinayi osauza aliyense, ma credit ake (muyeso wa makalasi amene akutenga) atsika osakwana 12, ndiye kuti Loweruka saloledwa kusewera. Wozindikira zimenezi mpira usanayambe ndinu, ndipo wokauza kochi amene nkhope yake yafiira kale ndinu nomwe. Muziwerenganso maola a ntchito za timu kuti asapitirire 20 pa sabata nyengo ya mipikisano. Kochi akaona kuti mumakana mwaulemu n'kumusonyeza njira ina yololedwa, ayamba kukufunsani asanachite kanthu. Mbiri yanu imakula choncho.

Pakapita zaka zingapo, phunzirani kupempha ndalama kwa omwe anaphunzira pasukulupo, ku ofesi ya development. Mabwana ambiri a masukulu akuluakulu anadzera kumeneko, ndipo wodziwa malamulo okha amakalambira pa desiki imodzi.

Musanyoze sukulu yaing'ono. Ku Division III, gulu lotsika la NCAA, sapereka sikolashipu ya masewera ndipo antchito ndi ochepa, moti m'mawa mukonza basi ya timu, masana bajeti, usiku muli pachipata ndi matikiti. Zomwe mungaphunzire kumeneko m'chaka chimodzi, ku sukulu yaikulu mungazidikire nthawi yaitali.

Za masters, Ohio University ili ndi pulogalamu ya sports administration kuyambira 1966, koma musakongole ndalama chifukwa cha dzina. Funani malo a graduate assistant (kugwira ntchito pasukulu uku mukuphunzira masters), amene nthawi zambiri amakulipirirani fizi n'kukupatsani kangachepe. Msonkhano wa mu June wa NACDA, bungwe la mabwana a zamasewera m'mayunivesite, ndi wabwino mukapeza wokulipirirani.

Pa viza ya ophunzira ya F-1 mumaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo mukamaliza pali OPT, chilolezo cha miyezi 12 chogwira ntchito yogwirizana ndi zomwe munaphunzira. Choncho musadikire tsiku lolandira digiri. Sabata ino, pitani kaye ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja akuuzeni zololedwa, kenako kwa mkulu wa compliance amene wakhala akukusainitsani mafomu zaka zonsezi, mukamufunse ngati akufuna womuthandiza teremu ikubwerayi.