Ndidziwa bwanji ngati amene akusamalira mayi anga akuwasamaliradi bwino?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo wandilola kuyankha pano popanda kumutchula dzina. Walemba kuti:

"Mayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala ati yafalikira, sangathenso kuichiza, ndipo awatulutsa kuti azikasamalidwa kunyumba. Ali kumudzi ndi mng'ono wanga. Kuchipatala cha boma anatiuza za kiliniki ya palliative care, komanso pali anthu ena a m'tauni amene akuti ndiziwalipira pamwezi kuti azikawasamalira. Ine ndili kutali, zonse ndimangomvera pa foni. Ndidziwa bwanji kuti amene akusamalira mayi anga akuwasamaliradi bwino?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi matendawa. Kudwazika mayi uli kutali n'kowawa, ndipo funso lanu ndi la munthu amene sakufuna kungotumiza ndalama n'kukhala chete.

Dokotala akanena kuti matenda sachizikanso, ntchito ya achipatala siinathe. Yatsala ntchito yaikulu yochepetsa ululu ndi kusamalira munthu mpaka tsiku lake lomaliza, imene pa Chingerezi amati palliative care, ndipo ili ndi akatswiri ake. Kuno kwathu ntchitoyi siichitika kwambiri m'nyumba zogonekamo odwala monga ma hospice a ku Ulaya. Kawirikawiri wodwala amakhala pakhomo, gadiyani amakatenga mankhwala kukiliniki, ndipo anamwino kapena mavolontiya amabwera kudzazonda. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali Tiyanjane yosamalira akuluakulu ndi Umodzi yosamalira ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene anayambitsa namwino Lucy Finch ndipo inatsegulidwa mu 2006. Zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zilinso ndi kiliniki yotere. Choncho poyesa amene akusamalira mayi, nyumba yokongola, yunifomu ndi galimoto yolembedwa dzina sizingakuuzeni kanthu. Chimene chingakuuzeni ndi mmene mayiwo alili pamphasa pawo, makamaka usiku.

Ndiye funso loyamba n'lakuti: kodi mayi akugona tulo? Ululu wa khansa yofalikira nthawi zambiri sumva Panado kapena Brufen yekha. Bungwe la World Health Organization linatulutsa kale mu 1986 njira yothana ndi ululu wa khansa: kuyamba ndi mankhwala ocheperako mphamvu, kukwera mpaka pa mofini ngati ululu sukutha, mankhwalawo akhale akumwa, ndipo azimwedwa potsata wotchi, osadikira kuti ululu uyambe. Mfundo yotsirizayi ndi imene imaulula msanga ngati munthu anaiphunzira ntchitoyi. Mofini wamadzi amagwira ntchito m'thupi pafupifupi maola 4, n'chifukwa chake amamwedwa maola 4 aliwonse. Mapiritsi ake ogwira ntchito nthawi yaitali amamwedwa maola 12 aliwonse. Wosamalira akauza mng'ono wanu kuti "muziwapatsa akayamba kubuula", ameneyo sakuidziwa ntchito, ngakhale atakhala wa mtima wabwino chotani. Ululu ukabwerera ndi mphamvu zake zonse umavuta kuugonjetsanso, ndipo wodwala amayamba kukhala mwamantha, akudikira nthawi imene uyambenso.

Pemphani mng'ono wanu akujambulireni botolo la mankhwalawo akutumizireni pa WhatsApp. Pabotolopo pazioneka mlingo ndi nthawi zomwera. Pambali pake pakhale sirinji yopanda singano yoyezera mankhwalawo, ndipo mng'ono wanu athe kukulozerani pamzere pamene amalekezera akamakoka. Supuni ya tiyi siyoyezera mofini. Pakhalenso kope kapena pepala pamene akuchonga nthawi iliyonse imene mayi amwa. Mumufunse kuti anauzidwa zotani ululu ukabuka nthawi yomwera isanakwane, chifukwa namwino wodziwa amaneneratu mlingo wapadera wa nthawi ngati imeneyo, ndipo akabwera amawerenga kuti unaperekedwa kangati kuti adziwe ngati pakufunika kukweza mankhwala. Chinanso, mofini amadzimbitsa pafupifupi aliyense womumwa, ndipo kudzimbidwako sikutha kokha. Ngati mayi apatsidwa mofini popanda mankhwala ofewetsa m'mimba, wina wasiya ntchito yake panjira. Nseru ndi tulo tambiri zimabwera masiku oyamba kenako zimachepa, ndipo banja liyenera kuuzidwiratu zimenezi kuti lisachite mantha n'kutaya botolo.

Ndikudziwa kuti kumudzi sipalephera wina wonena kuti mofini ndi mankhwala omalizitsa munthu. Anthu amanena zimenezi chifukwa ambiri amapatsidwa mankhwalawa mochedwa, atatsala masiku owerengeka, ndiye akamwalira mlandu umagwera botolo. Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera, wokwezedwa pang'onopang'ono ndi munthu wophunzira, safupikitsa moyo. Anthu ena amamwa kwa miyezi, akudya, akucheza ndi zidzukulu pakhonde. Wosamalira wabwino sakwiya ndi mantha a achibale ngati amenewa. Amakhala pansi ndi amalume ndi azakhali n'kuwafotokozera mpaka amvetse.

Mufunsenso kuti namwino akabwera amalankhula ndi ndani. Ena amafika n'kucheza ndi gadiyani panja, kusuzumira wodwala pakhomo, n'kumapita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ululu wa mayi aufotokoze ndi mayiwo. Anamwino ambiri a ntchitoyi amagwiritsa ntchito dzanja pofunsa. Nkhonya yofumbata ndiye kuti palibe ululu, zala zonse zisanu ndiye ululu wosapiririka, ndipo wodwala amaimika zala zolingana ndi mmene akumvera. Inunso mungathe kufunsa chimodzimodzi pa foni ya vidiyo. Ngati sabata ino mayi aimika zala zinayi, sabata yamawanso zinayi, ndipo mankhwala sanasinthidwe, pamenepo pali vuto loti mulifunse mosanyengerera.

Tsopano za thupi. Munthu akayamba kugona malo amodzi, khungu limayamba kuphulika pamene fupa lagunda mphasa: kumunsi kwa msana, m'chiuno, kuzitendene, m'zigongono. Chilonda chotere chimayamba ngati kamalo kotentha kosintha mtundu, ndipo pakhungu lathu lakudali sichionekera msanga ngati munthu sanayang'anitsitse ndi kugwirapo. Namwino wabwino amavundukula chitenje, amatembenuza wodwala, amaona malo onsewa, ndipo amaphunzitsa gadiyani kumutembenuza pafupifupi maola awiri aliwonse, kuika kansalu kopinda pakati pa maondo, ndi kuyala pulasitiki pansi pa nsalu kuti pogona pasakhale ponyowa. Amatsegula pakamwa kuona ngati muli zoyera za mafangasi, chifukwa nthawi zina wodwala amakana phala osati chifukwa cha khansa koma chifukwa m'kamwa mukuwawa, ndipo zimenezo zimachizika.

Khansa imene mayi anu ali nayo ili ndi mavuto amene azimayi ambiri amachita manyazi kuwatchula: kutaya magazi, madzi onunkha, nthawi zina mkodzo kungotuluka wokha. Fungo limeneli limapirikitsa alendo, ndipo mayi amene moyo wake wonse anali waukhondo amayamba kudzibisa m'nyumba. Thandizo lake lilipo. Flagyl, akagwiritsidwa ntchito mmene namwino walangizira, amachepetsa kwambiri fungoli. Wosamalira wodziwa sadikira kuti mayi ayambe okha nkhaniyi. Amatulutsa anthu m'chipinda, amafunsa mwaulemu, ndipo amauziratu gadiyani choti achite magazi akatuluka ambiri, monga kusunga nsalu zakuda pafupi ndi kudziwa woti amuimbire.

Mng'ono wanuyo ndi amene ali pantchito usana ndi usiku. Namwino amabwera mwina kamodzi pa sabata kapena kupitirira apo, n'kukhala ola limodzi. Maola ena onse ndi a gadiyani. Choncho chisamaliro chimene sichiphunzitsa gadiyani ndiponso sichimufunsa kuti "nanga inu mukugona, mukudya?" n'choperewera. Muimbireni payekha, mumufunse chimene wasonyezedwa kuchita ndi manja ake, ndiponso chimene chikumuopsa kwambiri. Mumufunse ngati ali ndi nambala yoti aimbe zinthu zikavuta pakati pa usiku kapena Lamulungu, ndiponso ngati anaimbapo n'kuyankhidwa. Si kiliniki iliyonse ingathe kutumiza munthu usiku, mayendedwe ndi ovuta, ndipo sindingaweruze anamwino chifukwa cha zimenezo. Koma ayenera kunena zoona kuti zimene angathe ndi ziti, ndi kuuziratu banja kumene lingathamangire. Chimodzimodzi mankhwala akatsala pang'ono: azilembedwa asanathe, ndipo akasowa pamalopo, akuuzeni kwina kokawapeza m'malo mongoti "bwerani sabata yamawa".

Pali nkhani ina yovuta imene mwina mwakumana nayo kale, yakuti achibale amati "musawauze, angataye mtima". Wosamalira wabwino sanamiza wodwala kuti achira, komanso samuponyera uthenga wowawa mwadzidzidzi. Amafunsa mayi zimene akudziwa kale ndi zimene akufuna kudziwa, n'kumayenda pa liwiro lawo. Nthawi zambiri wodwala amakhala atazindikira kale, ndipo amangokhala chete pofuna kuteteza ana ake, pamene ana nawo akukhala chete pofuna kuteteza iye. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akuyandikira imfa suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, m'nkhawa za banja ndi mumzimu. Mayi akhoza kumabuula usiku chifukwa cha chotupa, komanso chifukwa sakudziwa kuti munda autenga ndani, mdzukulu wamasiye akhala ndi yani, kapena chifukwa pali m'bale amene sanalankhulane naye zaka zambiri. Amene akuwasamalira afunse zimenezi, aitane abusa kapena shehe ngati mayi akufuna, ndipo asawaumirize ngati sakufuna.

Tibwere kwa anthu olipidwa aja. Sindikunena kuti ndi oipa, alipo ogwira ntchito mokhulupirika. Koma funsani mafunso musanatumize ndalama. Ngati akuti ndi anamwino, akusonyezeni umboni woti analembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Madokotala ndi makiliniko ofesa amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Afunseni kumene anaphunzira palliative care, ndiponso kuti mofini amulemba ndani, atengedwa kuti. Mankhwalawa ndi otetezedwa ndi malamulo, amachokera kuchipatala kapena ku famase atalembedwa ndi woyenera, ndiye wina akabwera nawo m'chikwama opanda chizindikiro, musalole kuti mayi amwe. Mtengo ulembedwe, ndipo zidziwike kuti mukulipira maulendo angati ndi zinthu ziti. Pemphani kulankhula ndi banja lina limene analisamalirapo, ngati banjalo lalola.

Muchenjere ndi aliyense wolonjeza kuti mayi achira akagula mankhwala ake owonjezera mphamvu, kapena woletsa banja kupita kukiliniki ya kuchipatala. Muchenjerenso ndi wokonda kuika diripi ulendo uliwonse. Diripi imasangalatsa achibale chifukwa imaoneka ngati chinachake chikuchitika, koma munthu akafika kumapeto thupi silithanso kugwiritsa ntchito madzi ambiri, ndipo akhoza kutupa miyendo ndi kubanika pachifuwa. Nthawi imene diripi imathandiza ilipo, koma woiika afotokoze chifukwa chake.

Kwa owerenga ena amene odwala anu ali ku England, bungwe la Care Quality Commission limayendera ma hospice ndipo malipoti ake ali pa intaneti, muyambire pamenepo. Kwa inu achemwali, umboni wanu ukhala maso a mng'ono wanu ndi mawu a mayi.

Maganizo anga ndi awa. Mayi alembetsedwe kaye kukiliniki ya kuchipatala cha boma ija, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli wolemba mofini ndi wowerenga buku lawo la kuchipatala, ndipo thandizo lake n'laulere. Munthu wolipidwa akabwera, abwere kudzathandiza pa zimene akuchipatala alangiza, makamaka kupumitsa mng'ono wanu usiku wina ndi wina. Ndalama zanu zigwira ntchito yaikulu pa zinthu zooneka zazing'ono: thiransipoti yokatengera mankhwala, sopo, magolovesi, matewera a akuluakulu, matiresi, mayunitsi a foni, ndi ganyu wolima munda wa mng'ono wanu amene sangathe kuchoka pakhomo.

Mupemphenso nambala ya namwino amene akuwaona, ndi chilolezo cha mayi, kuti muzilankhula naye nokha. Mumufunse mosabisa mmene akuonera nthawi. Sangakuuzeni tsiku, koma amadziwa zizindikiro: wodwala kugona nthawi yaitali, kusiya kudya ndi kumwa, mkodzo kuchepa, kapumidwe kusintha. Mumuuze kuti muli kutali ndipo ulendo wa basi wochokera ku Johannesburg umatenga masiku, choncho akuuzeni msanga akangoona kuti mayi ayamba kufooka mofulumira, kuti mupemphe tchuthi kuntchito mufike akadali olankhula.