Musanalole kuti amasule injini ya Corolla yanuyo

Achimwene, mwati Corolla yanu ya 1996 ikuyenda bwino kuchokera pa Kamuzu Road ku Salima kupita ku Senga Bay, koma mukaloza ku Lilongwe ikumafooka pa zitunda za ku Mvera mpaka kufuna giya 2, ndipo makaniko wanena kuti mwina ovaholo (kumasula injini yonse n'kusintha zipangizo zotha) kapena injini ina. Yankho langa ndi lakuti musavomere kaye. Makaniko amene wagamula za ovaholo asanayeze kompuresheni (mphamvu imene injini imapanikizira mpweya m'masilinda) akungolota.

Msewu wa M14 umakwera kuchoka kunyanja, pafupifupi mamita 500, kukafika ku Lilongwe komwe ndi kopitirira mamita 1,000. Galimoto yokhala ndi kavuto kakang'ono imabisa pachidikha, n'kudzaulula pamtunda. Choncho mukadzakweranso, yang'anani singano ya ma rev. Ngati injini ikulira kwambiri koma liwiro silikuwonjezeka, ndi kilachi yomwe yatha, injini ilibe mlandu. Ngati ikutsamwa n'kumadukizadukiza mukaponda mafuta, ganizirani za petulo kapena moto wa mapulagi.

Pa petulo ndiye ndikayikira kwambiri. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ambirife tinathira a m'zigubu, ena osakaniza ndi parafini, ena amadzi ndi zinyalala za pansi pa diramu. Zonsezo zimakakhala mu fyuluta ya petulo ndi pa kasefa ka pampu m'thanki. Pampu yotopa imakwanitsa kupereka mafuta a mtauni, koma pamtunda injini ikafuna ochuluka imalephera. Sinthani fyuluta imeneyo, ya mpweya nayonso (fumbi la kuno mu Okutobala mukulidziwa), ikani mapulagi atsopano enieni, muonetsenso mawaya ake ndi disitibyuta (chogawira moto ku mapulagi). Izi zonse pamodzi sizifika ngakhale pafupi ndi mtengo wa ovaholo.

Mukayenda kamtunda, imani mukhudze ma rimu onse anayi mosamala. Limodzi likatentha kuposa anzake, mabuleki akugwira. Ekizozi nayo imatsekeka pa catalytic converter (kachipangizo koyeretsa utsi): galimoto imayamba bwino, ikatentha n'kukhala ngati ikukoka ngolo. Funsaninso kuti timing belt (lamba woyendetsa mavavu pa nthawi yake) inasinthidwa liti, poti ya injini zimenezi imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo ikalumpha dzino limodzi mphamvu imathawa.

Zikakanika izi, ndiye kompuresheni. Geji amaimanga pabowo la pulagi, silinda iliyonse payokha, injini ili yotentha, inu muli pomwepo kulemba manambala. Zonse zinayi ziyenera kuyandikana; ina ikatsika ndi zoposa 15 peresenti pali vuto. Athiremo oyilo pang'ono n'kuyezanso. Nambala ikakwera, vuto ndi maring'i a mapisitoni. Ikakhala pomwepo, ndi mavavu kapena gasiketi, ntchito ya pamutu pa injini yokha, yotsikirapo mtengo. Utsi umachitiranso umboni: wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka, woyera wosatha pamodzi ndi madzi kuchepa mu radiyeta ndi gasiketi.

Pa ndalama, mitengo ya zipangizo sinakhazikike chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mufunse malo awiri atatu ku Lilongwe sabata yomwe mukufuna kugula, ndipo makaniko alembe papepala zipangizo padera, ntchito yake padera. Ovaholo imakoma ngati zipangizo zili zenizeni. Ya maring'i otchipa imayambanso kusuta mvula isanabwere kawiri. Injini yakale yochokera kunja nthawi zina imatsika mtengo, koma muimve ikulira musanalipire, mugwirizane masiku oibweza, ndipo nambala yake yatsopano mukailembetse ku Road Traffic kuti isadzakuvuteni pa COF (satifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu).

Musanatulutse ndalama yaikulu, lowani pansi muone dzimbiri, giyabokosi ndi ma shock. Ngati zimenezo zili bwino, Corolla imeneyo ikonzeni, zipangizo zake zimapezeka paliponse. Koma ngati kukonza kukupitirira theka la mtengo womwe mungaigulitsire, pansi pali podyeka kale, ine ndingaigulitse momwemo kwa wofuna masipeya.